Nsapato za ku Seneti

Kwa Kanduku, Mwanza
4 Sepitembala 2000

Wokondedwa mwana wanga Fyness,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako a Kinsley ndi mdzukulu wanga Thandie. Kuno tilipo. Manachesi atha m'mitengo. Mitengo itatu ya kumunsi yauma, yatsala makumi anayi ndi umodzi.

Ndili ndi chokuuza chimodzi ndi chokupempha chimodzi.

Chokuuza ndi ichi: bambo ako akufuna kukhala seneta wa boma la Mwanza. Usaseke usanamalize kuwerenga. Ndikufotokozera pang'onopang'ono, monga ndinkachitira ndi masamu m'kalasi.

Malamulo aakulu a dziko, aja analembedwa titalowa m'zipani zambiri, amati Nyumba ya Malamulo ikhale ndi zipinda ziwiri. Choyamba ndi cha aphungu, amene timawavotera tonse. Chachiwiri ndi Seneti, ya anthu makumi asanu ndi atatu, yoti izionanso zimene aphungu agwirizana. Chipinda chachiwirichi sichinatsegulidwepo, chifukwa seneta sasankhidwa ndi ife anthu wamba. Ife timasankha makhansala. Makhansalawo ndiwo amatsekerana m'chipinda ku boma n'kusankha mwachinsinsi munthu mmodzi woimira boma lonse. Mafumu nawonso amasankha mfumu imodzi. Otsalawo amachokera m'magulu monga a mipingo, a amayi ndi a olumala. Popanda makhansala palibe seneta, ndipo zaka zonsezi takhala opanda makhansala. Tsopano alengeza kuti tiwasankha pa 21 Novembala. Buku la malamulowo likuti seneta asankhidwe pasanathe masiku makumi atatu chichitikire chisankhocho. Ndayang'ana pakalendala. Tsiku lomaliza ndi 21 Disembala.

Uphungu umafuna chipani, galimoto ndi nsalu zogawa. Bambo ako alibe zitatu zonsezi. Useneta umangofuna anthu owerengeka okhala m'chipinda chimodzi, ndipo ambiri mwa amene akuimira ukhansala anadutsa m'manja mwawo zaka zimene anali ahedi m'masukulu a boma lino. Ena ndinawaphunzitsa ine kugawa ndi kuchulukitsa.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo a Fyness, pa msinkhu uno mukukafuna chiyani ku Lilongwe?" Iwo anati, "Ndikufuna ndikaone ngati mpando ndinauwerenga m'bukuwo uli ndi miyendo inayi."

Chokupempha ndi nsapato. Zakuda, za zingwe, sayizi 8. Zimene ali nazo zasokedwa kanayi, ndipo akuti munthu sangapemphe mpando wa dziko atavala nkhwaira. Jekete ilipo, ija ya paukwati wako.

Ndine mayi ako,
Elsie Sagawa

Chilinde, Lilongwe
18 Sepitembala 2000

Okondedwa amayi,

Kalata yanu ndalandira. Kuno tili bwino, kungoti madzi akuvuta, tikutunga m'bandakucha.

Ndinaseka, sindinama. Ndinawerengera a Kinsley, iwo anaimirira pabalaza n'kupanga sawasha, amvekere, "Ndiye kuti ine ndine mkamwini wa onalebo? Ku ofesi andidziwa!" Thandie akufunsa ngati agogo azibwera pa galimoto ya mbendera.

Koma amayi, zoona zimenezi? Ine ndimati ababa apuma, aziweta mbuzi zawo ndi kukangana ndi wailesi. Kuno Seneti sindinamvepo munthu akuitchula, ngakhale m'minibasi momwe anthu amadziwa zonse.

Nsapato ndagula, zachikopa chenicheni, osati za pa kaunjika. Ndapatsira kondakitala wa basi ya Lachisanu, mukazitenge pa depoti. Ndaikamo masokosi awiri ndi kachitini ka polishi. Ndi sayizi 8 monga munalembera.

Nanga shuga wawo ali bwanji? Simunatchule. Mankhwala akumwa? Paja amabisa mapiritsi m'thumba la malaya n'kumati amwa.

Muwapatse moni a Seneta.

Mwana wanu,
Fyness

Kwa Kanduku, Mwanza
17 Okutobala 2000

Fyness mwana wanga,

Moni nonse. Nsapato zinafika, tathokoza. Zikuwathina pang'ono. Akuti chikopa chatsopano chimatero, chimamasuka ndi kuyenda.

Kuyenda tikuyendadi. Munthu wamkulu satumiza uthenga akafuna chinthu chotere. Amapita yekha, kukhala pamkeka wa mwini nyumba, kufunsa za ana ndi za kumunda, kenako n'kunena chimene wadzera. Vuto ndi loti sitikudziwa amene adzapambane. Wodi iliyonse ili ndi opikisana awiri kapena atatu, ndiye tikuyendera onse. Ndinawauza kuti pa maulendo atatu alionse awiri ndi otaya. Anati, "Ndiuzeni awiriwo ndi ati, ndiwasiye."

Lachiwiri tinali ku Thambani. Matola anatisiya pa msika, kotsalako tinayenda wapansi, dzuwa lili pamutu. Tinapeza Laston, amene amagulitsa zipangizo za njinga. Iwe sungamukumbuke, anali patsogolo pako. Bambo ako anamuvulira chipewa. Sindinawaonepo akuvulira chipewa mwana wasukulu.

Laston anati, "A Hedi, mukukumbuka mango aja? Zikoti zisanu ndi chimodzi!"

Bambo ako anati, "Mangowo anali a mishoni."

"Anali osapsa, a Hedi. Ndinalangidwa kawiri, kumatako ndi m'mimba."

Anaseka onse. Kenako Laston anagwira pamtima, amvekere, "Mukapanda inu ndani? Ndikangolowa, voti yanga ndi yanu." Anatipatsa nkhuku.

Wopikisana nawo alipo mmodzi amene ndikumuwerengera. Ndi a Malcolm, aja amathandiza anthu kuombola katundu pa malire. Ali ndi pikiapu, ndipo kulikonse tikufika tikupeza matayala awo adutsa kale. Kwa Laston ndinaona thumba la feteleza lakutsidya kuseri kwa chitseko. Bambo ako sanalione. Sindinawauze.

Wafunsa za shuga. Mankhwala akumwa, ndimaima pomwepo mpaka ameze. Atuluka thuza pa chala chachikulu cha phazi lakumanja, ndipo laphulika. Ndikutsuka ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo. Akuti sakumva kupweteka ngakhale pang'ono, ndiye palibe chodetsa nkhawa.

Utiuze za mayeso a Thandie.

Mayi ako,
Elsie

Chilinde, Lilongwe
1 Novembala 2000

Amayi,

Moni. Thandie wakhoza, wakhala nambala 5. Koma si zimene ndalembera.

Kalata yanu ndinaonetsa a Liness oyandikana nafe, ndi anamwino. Atafika pa thuzapo anaika kalata pansi. Akuti kwa munthu wa shuga, kusamva kupwetekako ndiye koopsa, chifukwa phazi limatha kuwola mwini wake akuseka. Akuti avule nsapatozo lero, azivala masilipasi, ndipo apite kuchipatala. Madzi a mchere sakwanira.

Chonde amayi, mubiseni nsapatozo. Munene kuti zabedwa. Ndidzagula zina zazikulupo.

China. A Kinsley amapemphera ndi bambo wina amene amayendetsa galimoto ya akuluakulu. Bamboyo akuti za Seneti anthu ake amazinena moseka, akuti ndalama zake zichokera kuti, ndipo ndani angafune anthu makumi asanu ndi atatu omuyang'ana m'mbale? Sindikudziwa ngati n'zoona. Ndangoti mudziwe, ababa asadzivutitse kwambiri ndi chinthu choti mwina sichibwera.

Musawawerengere ndime imeneyi.

Fyness

Kwa Kanduku, Mwanza
23 Novembala 2000

Kwa mwana wanga Fyness,

Ndine bambo ako. Ndalanda cholembera kwa mayi ako chifukwa iwo akalemba amangokupatsa manambala ngati lipoti la kusukulu.

Ndime unati asandiwerengere ija ndinawerenga ndekha. Maso ndikadali nawo. Uwauze a Kinsley kuti dalaivala amadziwa msewu, koma malamulo a dziko sasungidwa m'galimoto. Analembedwa, ndipo buku lake lili pano patebulo. Kapena ukuopa kuti bambo ako akakuchititsa manyazi ku Lilongwe ndi Chingerezi cha mishoni? Usaope. Ndikakhala kumbuyo, ndizikayankhula mwezi kamodzi.

Dzana tinavota. Anthu anali ochepa, pamzere panali ine, mayi ako, agogo awiri ndi galu. Anthu akuti khansala ndi wa chiyani. Sakudziwa kuti anasiya kusankha anthu amene asankhe Seneti. Laston wapambana. Zacharia wa kuno wapambana. Taziona, mtsikana uja ankagona m'kalasi ya mbiri, naye wapambana, ndipo lero ndi mayi wolemekezeka.

Usaganize kuti njira iyi ndi yachilendo. Ndinkaphunzitsa ana kuti dziko la Amereka lili laling'ono, litangodzilamulira kumene, anthu wamba sankavotera maseneta. Chigawo chilichonse chinali ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo a m'nyumbamo ndiwo ankasankha anthu awiri okaimira chigawocho ku likulu. Anachita zimenezi zaka zoposa zana. Zinali ndi mavuto ake. Olemera ankagula mavoti, poti kugula anthu a m'chipinda chimodzi n'kosavuta kusiyana ndi kugula chigawo chonse. Nthawi zina ankakangana osagwirizana, mpando n'kukhala wopanda munthu chaka chathunthu. Potsiriza anasintha, anati anthu onse azivota. Koma taona, mwana wanga: anayamba ayesa, kenako n'kusintha. Ifenso tiyese. Mwana wa mlimi wa manachesi akakhale m'chipinda chimene chingauze aphungu kuti, "Taimani kaye, tawerenganinso."

Za phazi, mayi ako ndi anamwino akowo akulitsa nkhani. Ndi kachilonda, kukula kwake ngati wani tambala. Nsapato zako aliyense akuziyamikira. Zacharia anati, "A Hedi, izi ndiye za ku Seneti zenizeni." Ndingapite bwanji kwa makhansala nditavala masilipasi ngati ndikupita kubafa?

Masiku makumi atatu ayamba. Ukonze chipinda.

Bambo ako,
L. B. Sagawa

Kwa Kanduku, Mwanza
6 Disembala 2000

Fyness,

Moni kwa nonse. Mvula yagwa, tadzala chimanga ndi mtedza. Aganyu ndiwo adzala, ine ndimangoyang'anira.

Nsapato ndinabisa monga unanenera, m'nkhokwe. Anakhala pakhonde tsiku lonse osadya. Madzulo ndinakazitenga.

Lolemba ndinawatengera kuchipatala ku boma. Anavomera chifukwa ofesi ya Asembule, kumene makhansala amakumana, ili pafupi. Adokotala anamasula bandeji, anayang'ana, kenako anayang'ana ine. Chala chada, ndipo chachiwiri chayamba. Anati apite ku Blantyre sabata yomweyino, akagonekedwe, mwina akachotse chala chimodzi phazi lipulumuke. Analemba kalata yotitumiza.

Bambo ako anafunsa kuti, "Masiku angati?" Adokotala anati mwina masabata atatu. Bambo ako anati, "Ndiye ndidzapita pa 22."

Adokotala anati, "A Hedi, chilondachi sichiwerenga kalendala."

"Koma dziko limawerenga."

Maganizo awo ndi awa. Msonkhano wosankha seneta ungaitanidwe tsiku lililonse, ngakhale mawa. Akakhala m'chipatala, a Malcolm adzauza makhansala kuti mdala uja wapita kukafa, musataye voti. Pamenepo sakunama. Makhansala amene atilonjeza ndi asanu ndi anayi mwa makumi awiri. Tikusowa awiri kuti tidutse theka, ndipo alipo anayi a mbali ya ku Neno amene sananene kumene ali.

Ndinakhala pa benchi ya chipatala n'kuwerenga. Masiku otsala anali khumi ndi asanu ndi awiri. Chilondacho chatenga masabata asanu ndi awiri kuti chifike apa. Ndinaona kuti masabata awiri ena sangachifikitse patali kwambiri. Ndinavomera. Adokotala anatipatsa mapiritsi ndi mabandeji.

Tsopano tikugona ku boma kwa msuweni wawo. M'mawa uliwonse amavala jekete ndi nsapato, yakumanja osamanga zingwe, n'kukakhala pa benchi ya panja pa ofesi. Kalaliki wa pamenepo ndi mnyamata waulemu, wa ku Rumphi. Amati, "Bwana, sitinalandire kalikonse kuchokera ku Lilongwe." Bambo ako amati, "Palibe kanthu, ndidikira." A Malcolm amadutsa pa pikiapu n'kuliza hutala ndi kupereka moni wa kutsidya kwa malire, amvekere, "Bon diya, a Seneta! Mwafika kale pampando?" Bambo ako amakweza chipewa.

Ngati uli ndi mabandeji abwino kumeneko, utitumizire. A kuno akutha msanga.

Mayi ako

Chilinde, Lilongwe
13 Disembala 2000

Amayi,

Mwavomera? Inu amayi mwavomera?

Ndawerenga kalata yanu ndili chiimire pa positi ofesi. Ndinaimba foni ku ofesi ya Asembule kawiri, koyamba sinalowe, kachiwiri anati mdala wa jekete wapita kukadya. Abwana anga andikaniza tchuti mpaka titseke mabuku a chaka. Ndikanabwera lero kudzawanyamula ndekha.

Mverani. Si za dalaivala uja tsopano. Anthu akuyankhula poyera kuti aphungu akakumana chaka chikangoyamba, Seneti aichotsa m'malamulo. Palibe boma limene laitanitsa msonkhano, ngakhale kuno ku Lilongwe. A Kinsley afufuza ku Dedza ndi ku Ntcheu, zii. Palibe chimene ababa akudikira pa benchipo.

Chilonda si masamu, amayi. A Liness akuti chikada chimathamanga.

Muwauze kuti sindichita nawo manyazi. Sindinachitepo. Muwauze kuti akakwere basi mawa, mwendo ndi umene ndikufuna, mpando ayi.

Mabandeji ndatumiza pamodzi ndi kalatayi.

Fyness

Mwanza Boma
22 Disembala 2000

Fyness,

Moni. Sitinamve kuchokera kwa iwe chilembere kalata yanga ya pa 6. Bambo ako akuti wakwiya ndi zimene anakulembera. Ine ndikuti ndi positi ya Khirisimasi.

Dzulo linali tsiku la makumi atatu. Tinafika pa benchi ofesi isanatsegulidwe. Anabwera makhansala atatu, koma ankafunsa za njinga zimene anamva kuti alandira. Taziona anatigulira fanta. Dzuwa litapendeka kalaliki anatseka mawindo, kenako chitseko, n'kubwera kudzaima patsogolo pathu makiyi ali m'manja.

Anati, "Bwana, pepani."

Bambo ako anatsegula buku, namuonetsa ndime. Kalalikiyo anati, "Ndaiwerenga, bwana. Kangapo."

"Ndiye?"

"Ndiye sindikudziwa, bwana."

Lero ndi pa 22. Ndinalongedza chikwama usiku, kalata ya adokotala ili pamwamba. M'mawa anati boma silingaphwanye lamulo lake lomwe, kuchedwaku ndi kwa tchuti, ndipo munthu amene wadikira masiku makumi atatu sangachoke pa tsiku la makumi atatu ndi limodzi. Akuti tidikire ofesi zitsegulidwe pa 2 Januwale.

Ndinati, "Tinapangana pa 22."

Anati, "Mayi a Fyness, inu ndi ine tinasunga pangano. Amene sanasunge ndi ena."

Ndilibenso nambala yoti ndiwapatse. Zala zakuda tsopano ndi zitatu. M'chipinda muli fungo, msuweni wawo wasamutsira ana ake kukhitchini. Nsapato yakumanja siikulowanso. Amaiika pansi pa benchi pafupi ndi phazi, kuti odutsa aziona ngati angoivula kumene.

Lonjezo lawonjezeka limodzi, la ku Neno. Tili ndi khumi.

Khirisimasi yabwino.

Mayi ako

Blantyre
19 Januwale 2001

Fyness,

Ndikhulupirira unafika bwino ku Lilongwe. Masiku anayi unali kuno sitinayankhulane zambiri. Unkayang'ana khoma, inenso ndinkayang'ana khoma lomwelo. Ndikulemba zimene sunafunse, kuti uzidziwe mwadongosolo.

Kalata yako ya pa 13 Disembala inafika pa 29, pamodzi ndi mabandeji. Inapita kwa Kanduku, ife tili ku boma, ndipo inakhala m'thumba la mphunzitsi wina mpaka atatsika kudzalandira malipiro. Ndinawawerengera yonse. Pa mawu oti suchita nawo manyazi anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati, "Tipita likatha tchuti."

Pa 31 anayamba kutentha thupi ndi kubwebweta, ankaitana mayina a ana a Sitandade 8. Ambulansi inali itapita kwina. Amene anatinyamula ndi a Malcolm, pa pikiapu yawo. Anayala matiresi kumbuyo, anayendetsa okha mpaka kuno, ndipo anakana ya mafuta. Pa mlatho wa Shire anati, "Mayi, nanenso ndagulitsa ng'ombe zinayi chifukwa cha mpando womwewu."

Zotsatira unaziona. Adula pansi pa bondo. Adokotala a kuno anafunsa kuti tinachedwa kuti. Ndinati tinali ku ofesi.

Utachoka, bambo wa bedi loyandikana nalo anatsegula wailesi. Ndi mmene tinamvera kuti aphungu avota, Seneti yachotsedwa m'malamulo. Nkhaniyo inali yaifupi, inatsatana ndi ya mitengo ya feteleza. Ndinayang'ana bambo ako. Maso anali otsegula. Anati, "Sanayese n'komwe."

Madzulo anandiitana, amvekere, "Mayi a Fyness, paja munali mipando ya olumala mmene muja. Ndikanalowera khomo limenelo, popanda kuvulira Laston chipewa." Bambo wa wailesi anaseka. Ine ndinapita kukatsuka mbale.

Akudya pang'ono. Shuga watsika. Ndodo zoyendera akuti tipeza sabata yamawa. Ine ndikugona pansi pa bedi, pa chitenje, monga amayi ena onse.

Ukapeza mpata utilembere.

Mayi ako

Chilinde, Lilongwe
4 Febuluwale 2001

Amayi,

Moni. Ndamva kwa msuweni wa ababa kuti mwatuluka, muli kumudzi. Ndathokoza Mulungu.

Kalata iyi ndayamba katatu. Kuchipatala sindinkakuyang'anani, ndipo ndikudziwa munaganiza kuti ndakukwiyirani. Poyamba ndinakwiyadi. Koma chimene chinkandikanika ndi china. Nditatsegula kabati ya pambali pa bedi kuti ndiikemo shuga wanu ndi sopo, ndinapezamo nsapato zija, zonse ziwiri, zopolishidwa.

Ndinasankha ndine, amayi. M'sitolo munali zina zofewa, ndinazigwira, koma ndinati izi ndiye zooneka zaulemu. Wogulitsa anandiuza kuti zimaluma masiku oyamba. Ndinaseka, ndinati ababa ndi msilikali.

Ndiuzeni zoona, musandipatse manambala. Ndi nsapato zanga?

A Kinsley akuti mubwere mudzakhale kuno, chipatala chili pafupi. Chipinda chija ndinakonzadi.

Mwana wanu,
Fyness

Kwa Kanduku, Mwanza
12 Malichi 2001

Fyness mwana wanga,

Moni kwa a Kinsley ndi Thandie. Ndachedwa kuyankha chifukwa sindinkadziwa kuyankha popanda manambala. Mpaka lero sindikudziwa.

Unagula zimene ndinalemba. Sayizi 8 ndi imene akhala akuvala chikwatirane. Kuti mapazi a munthu wa shuga amatupa nthawi yotentha ndinkaona tsiku lililonse, koma polemba ndinalemba nambala imene ndimaidziwa. Iwe unali ku Lilongwe. Adokotala aku boma anati sabata yomweyo, ine ndinati masabata awiri, bambo ako anati tchuti chithe. Aliyense anaikapo yake. Ndayesa kugawa kuti ndione gawo la aliyense, sizikugawika. Usiye kuganiza za sitolo ija.

Bala lapola bwino. Akuyenda ndi ndodo mpaka pa khola la mbuzi. Za kubwera ku Lilongwe akana. Akuti alibeko chochita.

Alendo sakutha. Makhansala akubwera mmodzimmodzi kudzazonda, ena ndi nkhuku, ena ndi nthochi. Aliyense akakhala pansi amanena zofanana. Laston anati, "A Hedi, ikanakhalapo, munali mutadutsa kale. Ine ndinali woyamba." Zacharia anatero. Taziona anatero, misozi ili m'maso. Anayi a ku Neno aja anabwera pa galimoto imodzi, naonso anatero. Ngakhale atatu amene anatikana pamaso mu Novembala akuti mumtima anali athu, ndipo poti voti inali yachinsinsi tikanadabwa. Bambo ako amawathokoza onse. Akachoka amandifunsa kuti, "Tili ndi angati?" Ndimawauza. Pofika dzulo ndi khumi ndi asanu ndi awiri.

Loweruka ndinakumana ndi a Deliwe, akazi a a Malcolm, pa chigayo. Tinakhala pa matumba athu kudikira magetsi. Anati kwawonso makhansala akupita kukapepesa za ng'ombe zija, ndipo amene alumbira kuti akanavotera amuna awo ndi khumi ndi anayi. Ndinawonkhetsa pamtima. Ndinawauza kuti makhansala a boma lino achuluka kuposa mipando yawo, mwina ena akumakhala pamiyendo pa anzawo. A Deliwe anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinadikira kuti nane ndiseke. Magetsi anayaka, tinagayitsa.

Bambo ako sindinawauze za khumi ndi anayiwo.

Buku lija ali nalobe patebulo. Ndime za Seneti sanazidule. Ndinawafunsa ngati ndingazikhwatche ndi pensulo kuti buku ligwirizane ndi dziko. Anati ndizisiye.

M'mawa uliwonse amasamba, amavala malaya oyera, n'kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Amavala nsapato yakumanzere. Kutupa kunatha, ndiye ikuwakwana bwino lomwe, akuti sinawalumepo. Yakumanja ndinaikulunga m'nyuzipepala, ili pamwamba pa kabati. Sindikudziwa kuti anthu amatani nayo.

Manachesi abereka kwambiri chaka chino, nthambi zina ndachirikiza ndi mitengo. Mu Meyi ndidzakutumizirani dengu.

Ukapeza wobwera kuno utitumizireko polishi wakuda. Usafulumire. Kachitini kamodzi tsopano kakukhala nthawi yowirikiza kawiri.

Ndine mayi ako,
Elsie